Thumba la Matenda: Lonjezo Lomangidwa ndi Lamulo Kapena Chifundo cha Abale?

M'midzi yambiri ya m'chigawo chino cha Africa ndalama imabwera kamodzi pachaka, pomwe matenda amabwera mwezi uliwonse umene afuna. Mlimi wa soya, mtedza kapena fodya amagwira ndalama akakolola, koma malungo ndi kutsekula m'mimba zimakula m'dzinja, nkhokwe zitayamba kupepuka. Banja limene ladwalitsa mu Januwale limagulitsa mbuzi pamtengo wolira, kapena kutenga katapira, mwinanso kugulitsa feteleza amene limasungira kubereketsa chimanga. Wodwala amachira, koma munda umadwala m'malo mwake.

Nchifukwa chake magulu a alimi, mabungwe a amayi ndi mipingo akhala akufunafuna njira yoti munthu azilipirira matenda asanadwale. Njira imodzi ndi inshuwalansi. Ina, imene mbiri yake imamveka kuchokera ku America, ndi yakuti Akhristu azigawana okha ndalama zolipira kuchipatala popanda kampani ya inshuwalansi. Njira ziwirizi zimafanana maonekedwe, popeza konseko munthu amapereka ndalama mwezi ndi mwezi, koma zimasiyana kwambiri tsiku limene munthuyo wagonekedwa m'chipatala.

Momwe Akhristu a ku America amagawanira

Ku America kulibe ndondomeko yoti nzika iliyonse izilandira chithandizo chaulere m'zipatala. Anthu ambiri amapeza inshuwalansi kudzera kuntchito. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo amathandizidwa ndi ndondomeko ya boma ya Medicare, ndipo osauka ali ndi ina yotchedwa Medicaid. Otsala pakati, monga alimi, amisiri odzilemba okha ntchito ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono, amayenera kudzigulira okha, ndipo mtengo wake ndi wowawa.

Mwa anthu oterewa ndi momwe mabungwe ogawana adamera mizu. Mwambo wake ndi wakale pakati pa Akhristu a mipingo ya Amish ndi Mennonite, amene amasonkherana wina akadwala kapena khola lake likapsa. Mabungwe akuluakulu amene alipo lero adayamba m'zaka zapafupi: Christian Healthcare Ministries ku Ohio mu 1981, Medi-Share ku Florida mu 1993, ndi Samaritan Ministries ku Illinois mu 1994. Onse amati maziko awo ndi chiphunzitso cha pa Agalatiya 6:2 chokhudza kuthandizana pa zolemetsa.

Kachitidwe ka Samaritan Ministries sikangadabwitse munthu amene adachitapo chipereganyu. Mwezi uliwonse ofesi imauza membala dzina la banja lodwalitsa, ndipo membalayo amatumiza gawo lake kubanjalo mwachindunji, pamodzi ndi mawu achilimbikitso ndi pemphero. Mabungwe ena amayendetsa ndalamazo kudzera ku ofesi. Wofuna kulowa amavomereza chikhulupiriro cha bungwelo ndi kulonjeza kupewa fodya, kuledzera ndi chiwerewere, ndipo kwina amafuna kuti mtsogoleri wa mpingo asayinire kuti munthuyo amapemphera ndithu.

Mabungwewa adakula mwachangu pambuyo pa chaka cha 2010, pomwe Pulezidenti Barack Obama adasayina lamulo la Affordable Care Act. Lamulolo lidakhazikitsa chindapusa kwa aliyense wopanda inshuwalansi, koma lidakhululukira mamembala a mabungwe ogawana amene adalipo kale pofika pa 31 Disembala 1999. Mabanja ambiri adaona kuti kulowa m'mabungwewa nkotchipa kusiyana ndi kugula inshuwalansi. Chindapusacho chidatsitsidwa kufika pa ziro kuyambira 2019, koma anthu sadatulukemo: lipoti la akuluakulu oona za inshuwalansi ku Colorado la mu 2023 lidawerenga anthu osachepera 1.7 miliyoni m'dziko lonselo.

Chinsinsi cha kutchipako

Kutchipa kumeneku kuli ndi magwero ake, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Lamulo la 2010 limakakamiza kampani ya inshuwalansi kulandira munthu ngakhale ali kale ndi shuga, khansa kapena nthenda ya mtima, osamukwezera mtengo chifukwa cha nthendayo. Limaikanso malire a ndalama zimene munthu angatulutse m'thumba mwake pachaka, ndipo limalamula kuti ndalama zosachepera 80 pa 100 iliyonse ya zopereka zipite kuchithandizo cha odwala. Mabungwe ogawana samangidwa ndi malamulo amenewa. Ambiri sagawana, kapena amagawana pang'ono chabe, ndalama za matenda amene munthu adalowa nawo. Pakati potenga munthu asali pabanja, matenda a maganizo ndi mankhwala omwa moyo wonse nthawi zambiri zimasiyidwa kunja. Gulu limene lasankha anthu athanzi ndi kusiya matenda odula silingalephere kutchipa.

Chachikulu koposa chalembedwa poyera m'mapepala awo omwe: bungwelo si inshuwalansi, ndipo silikulonjeza kuti ngongole ya kuchipatala idzalipidwa. Mwini ngongole amakhalabe wodwalayo. Kampani ya inshuwalansi ikakana kulipira zimene idalonjeza, munthu ali ndi kokadandaula, chifukwa pali ofesi ya boma yoyang'anira makampaniwo ndi kuonetsetsa kuti akusunga ndalama zokwanira. Bungwe logawana likakana, ofesi imeneyo mphamvu zake zimakhala zochepa, popeza m'zigawo zambiri za dzikolo muli malamulo onena kuti mabungwewa sali pansi pa malamulo a inshuwalansi.

Sikungakhale kulungama kunena kuti onse ndi achinyengo. Mabungwe akalewa akhala akulipira ngongole za mamembala awo kwa zaka zoposa 30, ndipo banja limene lalandira makalata a anthu osawadziwa pa nthawi ya matenda lalandira chinthu chimene kampani singagulitse. Koma khomo losayang'aniridwa limalowa aliyense. Mu 2018 kudabadwa bungwe la Trinity HealthShare, lomwe ntchito zake zinkayendetsedwa ndi kampani yochita malonda ya Aliera ya ku Atlanta. Akuluakulu a zigawo zingapo adaletsa ntchito zake, ponena kuti likugulitsa inshuwalansi mobisala ndiponso kuti gawo lalikulu la zopereka likuthera kukampani. Bungwelo lidasintha dzina nkukhala Sharity Ministries, ndipo mu 2021 lidagwa, kusiya mabanja zikwizikwi ndi ngongole za mamiliyoni a madola. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ambiri mwa anthuwo adalowa atakopeka ndi dzina lachikhristu, osafunsa kuti ndalama zawo akusunga ndani.

Kwathu kuno funso lake ndi lina

Mlimi wa ku Dowa kapena ku Katete sangalowe m'mabungwe a ku America amenewa, ndipo vuto lake nlosiyana. Ku Malawi chithandizo m'zipatala za boma nchaulere, kupatula m'zigawo zolipiritsa za zipatala zina. Ndalama zimathera pa ulendo, pa chakudya cha wodwazika, pa mankhwala ogula kusitolo akasowa kuchipatala, ndi pa malipiro a kuzipatala za mishoni. Zipatala za mipingo, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dzikomo, makamaka kumidzi. Kuyambira 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira. Si chipatala chilichonse cha mishoni chili ndi pangano lotere, ndipo zimene panganolo likukhudza zimasiyana malo ndi malo. Mlangizi amene wapita kukafunsa kwa mkulu wa chipatala cha m'dera lake nkudzauza anthu zoona zake wawapulumutsira ndalama asanayambitse thumba lililonse. Mabungwe monga MASM alipo, koma amene amakwanitsa kulipira mwezi ndi mwezi ndi apantchito a m'tauni makamaka.

Ku Zambia boma lidachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006. Mu 2018 lidakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya dziko lonse, ndipo bungwe la NHIMA lidayamba kutolera zopereka mu 2019, wantchito kupereka 1 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito kuonjezerapo chimodzimodzi. Odzilemba okha ntchito, kuphatikizapo alimi, ali ndi mwayi wolembetsa.

Abale amene ali pantchito ku South Africa ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene otsatsa malonda amakonda kuzisakaniza. Mabungwe olembetsedwa pansi pa lamulo la Medical Schemes Act la 1998 saloledwa kukana munthu chifukwa cha matenda, ngakhale angamudikiritse miyezi 3, kapena miyezi 12 pa nthenda imene adabwera nayo, ndipo pali mndandanda wa matenda amene ayenera kulipira. Mapepala otchipa olonjeza ndalama zakutizakuti pa tsiku lililonse limene munthu wagona m'chipatala ndi chinthu china: amapereka ndalama yokhazikikayo basi, ngongole ikhale yaikulu chotani.

Masamu a thumba la m'mudzi

Chimene chimafanana kwenikweni ndi kugawana kwa Akhristu a ku America ndi thumba la padera la mabanki a m'mudzi, otchedwa banki mkhonde, komanso zopereka za chifundo za m'mipingo. Njira ya mabanki amenewa, imene bungwe la CARE lidayamba ku Niger mu 1991, imalimbikitsa gulu kukhala ndi kathumba kothandizira matenda ndi maliro. Magulu ena tsopano amafuna kukakuza kuti kazilipira kuchipatala. Maganizowo ndi abwino, koma ayambe ndi pensulo.

Tiyerekeze gulu la anthu 25, aliyense akupereka K1,000 pamwezi. Pachaka thumba lipeza K300,000. Ngati thandizo likukhudza banja lonse, ndipo banja lililonse lili ndi anthu asanu, thumbalo likusamalira anthu 125, kutanthauza K2,400 pa munthu chaka chonse. Ndalama imeneyi ingathe kulipira njinga yamoto usiku kwa mabanja angapo, koma opaleshoni imodzi kuchipatala cholipira ingakokolole zonse, ndipo wodwala mwezi wotsatira adzapeza m'thumba muli mbee. Apo ndi pomwe chibale chimatha, chifukwa amene sadathandizidwe adaperekanso mokhulupirika ngati mnzake.

Pali msampha winanso. Kulowa kukakhala kwa ufulu, amene amathamangira ndi odwaladwala ndi amayi oyembekezera, pomwe anyamata athanzi amati adzalowa chaka chamawa. Thumba limatuluka zambiri kuposa zolowa, zopereka zimakwera, athanzi otsalawo amatuluka, mapeto ake thumba limafa. A ku America adathana ndi vutoli potsekera kunja matenda akale. Mpingo wa kumudzi sungachite zimenezo ndi mtima woyera, pakuti wodwala shuga kapena womwa ma ARV amakhala pa benchi lomwelo Lamulungu lililonse.

Dziko la Rwanda lidatsata njira ina. Lidayesa matumba a m'midzi m'maboma atatu mu 1999, kenaka nkuwafalitsa dziko lonse ndi kulamula kuti aliyense akhale ndi inshuwalansi. Banja limalembetsa lonse, osati wodwala yekha. Pa ndondomeko imene idayamba mu 2011, anthu ambiri ankapereka mafranki 3,000 pamunthu pachaka, osaukitsitsa ankalipiridwa ndi boma, ndipo kuchipatala chachikulu wodwala ankaonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 a ngongole. Mu 2015 matumba onse adaikidwa m'manja mwa bungwe limodzi la boma. Ngakhale ndi anthu mamiliyoni, zopereka zokha sizidakwane popanda ndalama za boma ndi za mabungwe othandiza. Ngati thumba la dziko lonse limafuna mchirikizo, la anthu 25 lisadzinamize.

Thumba laling'ono limakhalitsa likalonjeza zochepa zimene lingakwanitse, nkuzilemba. Gulu ligwirizane pamaso pa onse kuti likulipira chiyani, mpaka ndalama zingati pa banja pachaka, ndipo watsopano adikira miyezi ingati. Mawu akuti “tidzaona mmene zidzakhalire” ndi amene amadanitsa anthu. Wosunga ndalama asakhale yemweyo wovomereza kuti zituluke, ngakhale atakhala mbusa kapena mkulu wa mpingo, ndipo buku liziwerengedwa pamsonkhano uliwonse. Thandizo lisadalire kuti wodwala adachimwa kapena sadachimwe. Mtsikana wotenga pakati ali pasukulu ndiye amene ali pachiopsezo chachikulu pobereka, ndipo ndiye woyamba kufuna galimoto.

Za nthawi yoperekera, alimi asatengere apantchito. Chopereka cha mwezi ndi mwezi chimaduka mu Januwale, mwezi womwewo umene thumba likufunika kwambiri. Nkwabwino kutolera cha chaka chonse nthawi yokolola, ngakhale ndi ndowa za chimanga kapena mtedza zimene gulu lingasunge nkudzagulitsa mitengo ikakwera. Ndipo pamene magulu khumi a m'dera limodzi aphatikiza gawo la matumba awo, angathe kupita limodzi kwa oyendetsa chipatala cha mishoni kukapangana mtengo wokhazikika wa matenda ofala, ndi kugwirizana ndi mwini galimoto mmodzi kuti akaitanidwa usiku azinyamuka osayamba wafunsa za mafuta.