Kusankha tayala lokhalitsa pa misewu ya m'minda ya tiyi

Wakabaza wa njinga yamoto ku Thyolo amaponda misewu iwiri pa ulendo umodzi: phula la M2 lochokera ku Limbe, kenako katondo wa m'minda ya tiyi monga ya Satemwa ndi Conforzi. Mvula ikagwa, kapena chiperoni chikawaza mu Juni ndi Julayi, katondoyo amaterera kwambiri, ndipo tayala losayenera limagwetsa woyendetsa pamodzi ndi wokwera.

Ambiri amakonda tayala la mphira wouma poti limachedwa kutha. Nzoona, koma siligwira bwino pamalo onyowa, makamaka potsetsereka. Nalo la mano akuluakulu a m'matope limaperepeseka msanga pa phula. Loyenera kuno ndi lapakatikati, la mizere yakuya yotulutsa madzi ndi thope.

Wogula ayenera kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala. Manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT amanena nthawi imene linapangidwa: 2423 ndiye kuti sabata la 24 m'chaka cha 2023. Mphira umauma ndi kung'aluka pokalamba ngakhale usanaponde msewu, kotero tayala lotchipa limene lagonera m'sitolo zaka zambiri si mwayi ayi. Saizi yake, monga 3.00-18, ifanane ndi imene opanga njingayo analemba.

Chimene chimadya matayala ambiri ndi mpweya wochepa. Njinga ikasenza matumba a feteleza mpweya uli wopereŵera, tayala limatentha n'kutha m'mbali. Mpweya uyezedwe m'mawa lisanayende, ndipo mizere ikafika pa kachizindikiro ka TWI, tayalalo lichotsedwe.