Chitseko Choyenda pa Njanji

Kuno ku Milange timalima kwambiri. Chimanga, nyemba, nandolo ndi soya zimachoka m'minda yathu, zina nkupita ku Mocuba pa malole, zina nkuwoloka malire kupita ku Muloza pa njinga. Tonse tidziwa kuti mtengo wa chimanga umatsika pa nthawi yokolola, ndipo umakwera mvula ikayamba. Chifukwa chake magulu a alimi amamanga nyumba yosungiramo matumba, imene pa Chipwitikizi timati armazém. Ena amamanga galaja yosungiramo thirakitala, ngolo kapena njinga zamoto.

Nyumba zotere zimafuna khomo lalikulu loti ngolo nkulowa. Khomo lalikulu limafunanso chitseko chachikulu. Tikachipachika pa mahinjesi, sipatenga nthawi, chimalendewera nkuyamba kukhula pansi, kenaka mahinjesi amazuka pa khoma. Nchifukwa chake amisiri amatilangiza kuika chitseko choyenda pa njanji. Chitsekochi chili ndi mawilo awiri kunsi kwake. Pofuna kutsegula timangochikankhira kumbali, ndipo chimayenda motsata khoma.

Kodi chitseko chotere chimalemera bwanji? Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti khomo lathu ndi lotambalala mamita 3. Chitseko chiyenera kupitirira khomo masentimita 10 mbali iliyonse, motero chikhale cha mamita 3 ndi masentimita 20. Msinkhu wake ukhale mamita 2 ndi theka. Ngati tachikuta ndi lata lochindikala milimita 1, latalo palokha lilemera makilogalamu oposa 60. Tikawonjeza zitsulo za felemu, chitseko chonse chipitirira makilogalamu 100. Kumeneku ndi kulemera kwa matumba 2 a chimanga. Matumba awiri atagwera mwana kuchokera m'mwamba, tonse tidziwa chimene chingachitike. Tisaiwale nambala imeneyi pa ntchito yonseyi.

Tiyeze tisanagule

Chitseko chikatseguka chimafuna poima. Choncho kumbali kwa khomo kukhale khoma lopanda zenera, lopanda mzati, lotalika ngati chitseko chomwecho. Njanji iyenera kutalika kawiri kuposa chitseko, ndi kutsalako pang'ono. Pa khomo lathu la mamita 3, njanji ikhale ya mamita 6 ndi theka.

Njanjiyi si ya sitima ayi. Ndi chitsulo chopinda ngati ngodya ya nyumba. M'masitolo a pa boma la Milange amachitcha cantoneira, ndipo tikawoloka ku Muloza amati angle iron. Timachigoneka chafufumimba, msana kuyang'ana kumwamba ngati denga la nyumba. Mawilo ake ali ndi ngalande pakati, ndipo ngalandeyo imakhala pa msana wa njanji. Pogula, titenge kachidutswa ka njanji nkukayesa pa wilo m'sitolo momwemo. Ngati wilo likugwedera, kapena silikukhazikika bwino, tisagule. Tisankhenso chitsulo chowongoka. Titseke diso limodzi nkuyang'ana kuchokera kunsonga, monga tichitira posankha mtengo wa phaso.

Kugoneka njanji

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Chitseko chingakhale chokongola bwanji, njanji ikapendekeka palibe chabwino. Ikatsetsereka, chitseko chimathamanga chokha kupita kumunsi, ndipo pochibweza timachita kuitana anthu atatu. Ikakhota, mawilo amakwera nkuchoka pa msana.

Choyamba tikumbe ngalande motsata khoma, yakuya masentimita 20 ndi yotambalala masentimita 30. Tikhome chikhomo uku ndi uku, nkumanga chingwe cholimba. Chingwechi chikhale pa mtunda wofanana kuchokera ku khoma, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Chingwe ndicho chitiuze ngati njanji yawongoka.

Nanga tidziwa bwanji kuti siyinatsetsereke? Levulo ya mmisiri ndi yaifupi, ndipo pa mamita 6 ikhoza kutinamiza. Njira yabwino ndi ya paipi ya pulasitiki yoonekera mkati, yotalika mamita 10. Tithiremo madzi mpaka atsale pang'ono kudzaza, ndipo tionetsetse kuti mkati mulibe thovu la mpweya. Madzi ali ndi khalidwe limodzi: m'paipi imodzi amaima pa msinkhu wofanana mbali zonse ziwiri. Munthu mmodzi agwire nsonga ya paipi pa khoma kumene njanji iyambire. Wina apite ndi nsonga inayo kumene njanji ithere. Madzi akasiya kugwedezeka, aliyense alembe mzere pa khoma pamene madziwo aima. Tilembenso mzere wachitatu pakatikati. Mizere itatuyi ili pa msinkhu umodzi ngakhale nthaka ikhale yokwera ndi yotsika. Tsopano tiyeze ndi tepi kuchokera pa mzere uliwonse kutsika pansi mpaka pa msana wa njanji. Nambala ikhale imodzimodzi malo onse atatu. Ngati kwina tapeza 100 ndipo kwina 102, tikweze mbali yotsikayo ndi timiyala mpaka nambala zifanane.

Ena a ife tidayamba kuphunzira manambala tili akuluakulu kale. Ntchito iyi ndi pamene timaona phindu lake. Tisangoimirira nkumayang'ana mmisiri. Tigwire tepi, tiwerenge tokha, tilembe m'kope.

Njanji isangokhala pamwamba pa konkire. Wowotcherera ayiike timiyendo ta zitsulo kunsi kwake, kamwendo kamodzi pa masentimita 50 alionse. Timiyendoti ndi timene timalowa m'konkire nkuigwira. Ngati zitsulo ziwiri zalumikizidwa, polumikizirapo apasalaze bwino kuti wilo lisamadumphe. Konkire tiisakanize motere: ndowa 1 ya simenti, ndowa 2 za mchenga wa kumtsinje, ndowa 4 za miyala yoswa. Tikathira, tiyezenso ndi chingwe ndi tepi konkire isanagwire, pakuti njanji imasuntha pothira. Kenaka tifunditse matumba onyowa ndi kumathirira madzi masiku 7. Pa masiku amenewa ngolo isadutsepo, chitseko chisakwerepo. Akulu adati kuthamanga sikufika.

Tikumbukirenso mvula ya kwathu kuno. Madzi ochokera m'phiri la Tumbine sachita masewera, ndipo tidaona mmene adasefukira m'mwezi wa Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe Freddy. Konkire ya pakhomo ikhale yokwererapo kuposa bwalo, ndipo kunja kwake tikumbe kangalande kotaya madzi kutali ndi nyumba.

Zogwira pamwamba ndi zoimitsa

Mawilo amanyamula chitseko, koma sachiletsa kugwa. Chimene chimachiletsa kugwa ndi chogwira cha pamwamba. Ichi ndi chitsulo chomangidwa pa khoma, chokhala ndi timawilo tiwiri, kena kutsogolo kwa chitseko, kena kumbuyo. Chitseko chimadutsa pakati pawo. Chogwirachi chimangidwe ndi mabawuti pa konkire ya pamwamba pa khomo. Njerwa zomangira dothi sizigwira bawuti. Ngati palibe konkire, tiboole khoma mpaka kuseri, bawuti lipyoze, nkuika kachitsulo kafulati kuseriko tisanamange nati. Misomali isagwire ntchito imeneyi. Malo ake akhale poti chitseko chili m'kati mwa timawiloto nthawi zonse, chotseka kapena chotsegula.

Pali kanthu kena kamene amisiri ambiri amaiwala. Mpata wa pakati pa mutu wa chitseko ndi chitsulo cha chogwiracho ukhale wochepa kuposa kuya kwa ngalande ya wilo. Mpata ukakula, wakuba amalowetsa chitsulo kunsi, nkunyamula chitseko kuchichotsa pa njanji, loko ali chitsekere.

Tsono mbali zonse ziwiri za njanji kuwotcheredwe zoimitsa, pamalo poti chitseko chiime chisanatuluke m'chogwira. Izi ndi zitsulo zolimba zimene chitseko chimagunda nkuima. Ife tidaona nyumba ya gulu lina imene idalibe choimitsa mbali imodzi. Mmisiri adati adzaika mawa, ndipo mawalo silidafike. Tsiku lina mnyamata adakankha chitseko mwamphamvu. Chidathamanga, chidapitirira njanji, chidatuluka m'chogwira, nkugwera pa njinga zitatu zimene zidatsamira khoma. Mwayi wake panalibe munthu. Pamalo omwewo m'pamene amayi amakonda kukhala pansi ndi ana podikira sikelo. Kachitsulo kamene kadasowako mtengo wake sukadafika ngakhale pa chitini chimodzi cha chimanga. Choncho tisamalize kulipira mmisiri zoimitsa zisanaikidwe.

Tsiku lokweza chitseko tikhale amuna osachepera 4, ndipo ana akhale kutali. Tiyambe taika choimitsa cha mbali imodzi ndi chogwira cha pamwamba. Tilowetse chitseko kuchokera ku mbali yotsalayo, ndipo ena achigwirebe mpaka choimitsa chachiwiri chiwotcheredwe. Kenaka tichiyese. Munthu mmodzi achikankhe ndi dzanja limodzi mpaka pakati, nkuchisiya. Chikaima pomwepo, njanji ili bwino. Chikayamba kuyenda chokha, njanji yatsetsereka.

Tisabise, chitseko chotere chili ndi vuto lake. Sichikhudza khoma, choncho chimasiya mipata m'mbali ndi kunsi. Kakhoswe kakang'ono kamalowa pa mpata woti pensulo nkulowa. Wowotcherera aike chitsulo chafulati kunsi kwa chitseko kuti chitsike pafupi ndi konkire, aikenso chitsulo cha ngodya pa khoma pamene chitseko chimatsekera, kuti mphepete mwake muzilowa m'menemo. Pa chitsulo chomwecho m'pamene timaika makutu a loko. Ena amatseka mipata ndi mphira wa tayala lakale, koma makoswe amautafuna.

Kusamala kwake nkosavuta. Tipake chitseko penti yofiira yoletsa dzimbiri tisanapake ya mtundu, makamaka kunsi kumene kumafika madzi. Mafuta tidontheze m'kati mwa mawilo mokha. Pa njanji tisapake girizi, chifukwa amagwira fumbi ndi mchenga nkusanduka phala lodya chitsulo. Njanji imangofuna tsache. Pa nthawi yogula ndi kugulitsa, njere za chimanga ndi timiyala zimagwera pamenepo tsiku lililonse, ndipo kamwala kamodzi nkokwanira kukweza wilo. Amene wasunga makiyi sabata imeneyo ndiye azisesa m'mawa asanatsegule.