Woimira Boma pa Milandu Akamapempha Mavoti

Kuno kwathu munthu akamva za chisankho, maganizo ake amathamangira kwa phungu, khansala kapena mtsogoleri wa dziko. Palibe amene anaimapo pa mzere padzuwa kuti asankhe munthu woimira boma pa milandu. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 amati mkulu wa ntchito imeneyi amasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo komiti ya aphungu imamuvomereza. Milandu yambiri ya m'mabwalo a majisitireti imayendetsedwa ndi apolisi amene anaphunzitsidwa ntchitoyo. Ku United States of America nkosiyana. M'zigawo zambiri za dzikolo, kupatulako zowerengeka monga New Jersey ndi Connecticut, munthu wofuna kukhala mkulu woimira boma pa milandu m'dera lake amayenda khomo ndi khomo kupempha mavoti, monga momwe achitira wofuna uphungu. Mwambo umenewu unayambira m'chigawo cha Mississippi mu 1832, ndipo lero maofesi otere alipo oposa 2,000. Ambiri a akulu amenewa amatchedwa District Attorney.

Awerengi ena angafunse kuti mpando wake ngwotani kuti anthu azitayira ndalama ndi tulo poulimbirana. Wapolisi amagwira munthu, woweruza amagamula, koma pakati pa awiriwa pali munthu amene amasankha ngati wogwidwayo aimbidwe mlandu kapena amasulidwe, mlandu wake ukhale wotani, ndi chilango chimene boma lipemphe. Ku America milandu yoposa 90 mwa 100 iliyonse imene imathera m'chilango siizengedwa mpaka kumapeto ndi mboni zake. Woimira boma amaitana loya wa woimbidwa mlandu nkunena kuti munthu wanuyu akavomera mlandu wocheperako alandira zaka zakuti, akakana tidzapempha zaka zochuluka. Ambiri amavomera, ndipo woweruza amangotsimikiza zimene awiriwo apangana. Nchifukwa chake mu 1940 a Robert Jackson, amene panthawiyo anali mkulu wa zamalamulo m'boma la America, anauza maloya a boma kuti woimira boma pa milandu ali ndi mphamvu pa moyo, ufulu ndi mbiri ya munthu kuposa wina aliyense m'dzikomo. Chodabwitsa nchakuti m'madera ambiri mkulu ameneyu amalowanso pa mpando popanda wopikisana naye, ndipo ovota ambiri sadziwa nkomwe dzina lake.

Mzinda wa Philadelphia, m'chigawo cha Pennsylvania, uli ndi anthu pafupifupi 1.6 miliyoni, ndipo kwa zaka zambiri unkatchuka ndi ukali wa ofesi imeneyi. Mayi Lynne Abraham, amene anakhala pa mpandowo kuyambira 1991 mpaka kumayambiriro kwa 2010, ankapempha chilango cha imfa kawirikawiri kotero kuti m'nthawi yawo anthu oposa 100 anagamulidwa kuti aphedwe. Amene anawalowa m'malo, a Seth Williams, munthu wakuda woyamba kukhala pa udindowo mumzindamo, anabwera ndi malonjezo a kusintha zinthu, koma mu 2017 iwo eni anavomera mlandu wolandira ziphuphu ndipo analamulidwa kukakhala kundende zaka 5. Mpando unatsala wopanda mwini, mbiri ya ofesi ili pansi.

Apa mpamene anatulukira a Larry Krasner. Bambo ameneyu anali asanaimirepo boma pa mlandu uliwonse. Kwa zaka pafupifupi 30 ntchito yawo inali yoteteza anthu oimbidwa milandu, ndipo anali atasumira apolisi a mumzindamo maulendo oposa 70 kaamba ka nkhanza ndi kuphwanya ufulu wa anthu. Atalengeza mu February 2017 kuti apikisana nawo, mtsogoleri wa bungwe la apolisi ananena poyera kuti nkhaniyo njoseketsa. Kunena zoona, zinali ngati mlonda wa mbuzi za m'khola akupempha kuti apatsidwe mpeni wa pa butchala.

Zimene a Krasner ankalonjeza zinali zomveka bwino, ndipo ubwino wake unali pamenepo, pakuti wovota ankatha kudzaona pambuyo pake ngati zachitika kapena ayi. Anati sadzapempha chilango cha imfa. Anati asiya kupempha belo ya ndalama pa milandu ing'onoing'ono, popeza belo yotere imamasula wolemera ndi kusunga m'chitokosi wosauka, ngakhale onse awiri sanapezeke olakwa. Munthu wolephera kulipira madola mazana ochepa amatha kukhala m'ndende milungu ingapo, ntchito nkumuthera, nyumba ya lendi nkulandidwa, ndipo potsiriza amavomera mlandu kuti angotuluka. Analonjezanso kuunikanso milandu yakale ya anthu amene mwina anamangidwa osalakwa, ndi kuimba mlandu wapolisi aliyense wophwanya lamulo. Opikisana nawo, amene ambiri anali atagwirapo ntchito mu ofesi yomweyo, ankanena za luso lawo ndi zaka zimene anatumikira.

Pa chisankho cha chipulula cha chipani cha Democratic mu May 2017 panali anthu 7. A Krasner anapambana ndi mavoti pafupifupi 38 mwa 100 alionse, ndiye kuti mavoti osakwana 60,000 mumzinda wa anthu olembetsa kuvota pafupifupi miliyoni imodzi. Tisabise kuti ndalama zinathandiza: mpondamatiki George Soros anaika madola oposa 1.4 miliyoni m'gulu limene linkawachemerera pa wailesi ndi pa kanema. Adani awo sanaiwale zimenezi mpaka lero, ndipo ali ndi mfundo, pakuti nkoyenera kufunsa chifukwa chake munthu wosakhala mumzinda akhale ndi mawu aakulu chotere pa za ndende zake. Komabe mu November chaka chomwecho, atakumana ndi mayi Beth Grossman a chipani cha Republican, a Krasner anatenga magawo atatu mwa anayi a mavoti onse.

Sabata yawo yoyamba pa ntchito, mu January 2018, anachotsa anthu 31 mu ofesiyo, ena mwa iwo maloya amene anali atatumikira zaka zambiri. Mwezi wotsatira analamula maloya awo kuti asamaimbe munthu mlandu wongopezeka ndi chamba, ndi kuti asamapemphe belo ya ndalama pa mitundu 25 ya milandu yaing'ono. Lamulo lina linali lachilendo ndithu. Loya wa boma popempha kuti munthu akakhale kundende, anayenera kuuza woweruza ndalama zimene anthu okhoma msonkho adzawononge pomusunga, zimene ofesiyo inaziwerengera pa madola osachepera 42,000 pa chaka pa mkaidi mmodzi. Ndalama zimenezo zinali zoyandikira malipiro a pa chaka a mphunzitsi woyamba kumene ntchito. Oweruza ena sanakondwere nazo, ati chilungamo sichiyezedwa pa sikelo ya wogulitsa nyemba. Ine ndiona kuti funsolo nloyenera kufunsidwa, ngakhale yankho lake litakhala lakuti munthuyo amangidwebe. Chiwerengero cha anthu m'ndende za mzindawo, chimene chinaposa 8,000 mu 2015, chinatsika kufika pansi pa 5,000 mu 2019, ngakhale kuti kutsikako kunayamba a Krasner asanalowe, chifukwa cha ntchito imene akuluakulu a mzinda ndi mabwalo anali atayamba kale.

Pa zonse zimene ofesiyo inachita, za milandu yakale ndizo zovuta kuzitsutsa. Taganizani za a Walter Ogrod. Mu 1988 kamtsikana ka zaka 4 kanapezeka kataphedwa kumpoto chakum'mawa kwa mzindawo. Patapita zaka 4 apolisi anagwira a Ogrod, amene ankakhala moyandikana ndi banjalo, nawafunsa kwa maola ambiri asanagone mpaka anasaina chikalata chovomera. Pa kuzenga koyamba mu 1993, anthu wamba 12 ogamula mlandu anali atagwirizana zowamasula, koma chigamulo chili pafupi kuwerengedwa mmodzi wa iwo anafuula kuti sakugwirizana nacho, ndipo mlandu unayambanso. Mu 1996, pogwiritsa ntchito umboni wochokera kwa akaidi anzawo amene ankati anawamva akuulula, boma linapambana ndipo a Ogrod anagamulidwa kuti aphedwe. Ofesi ya a Krasner itafukula mafayilo, inapeza kuti panali umboni wowathandiza umene boma silinapereke kwa maloya awo, ndipo inauza bwalo kuti munthuyu ayenera kuti sanalakwe. Anatuluka mu June 2020, atakhala m'ndende zaka 28. Mayi wake wa mwana wophedwayo anali mmodzi wa amene anapempha kuti amasulidwe. Makolo ankati mlandu suola. Apa mlandu umene sunaole unali wa boma lenilenilo. Ndipo pa zaka zonsezo palibe amene ankafunafunanso munthu amene anapha mwanayo.

Koma tsono m'chaka chomwecho cha 2020 mfuti zinayamba kulira mumzindamo moposa kale. Mu 2017 anthu ophedwa anali 315. Mu 2019 anali 356, mu 2020 anafika 499, ndipo mu 2021 anakwana 562, chiwerengero chimene mzindawo unali usanachionepo. Anthu amenewa anali ana a eni, ambiri a iwo anyamata achikuda a m'madera osauka a kumpoto ndi kumadzulo kwa mzinda. Otsutsa anati izi ndizo zipatso za woimira boma wofewa: zigawenga zadziwa kuti kulibe chilango. Anaonetsa milandu ya anthu opezeka ndi mfuti popanda chilolezo imene inkathera m'malere, ndi anthu ena amene anatulutsidwa kenaka nkukapha munthu. Ofesiyo inkayankha kuti milandu yambiri inkagwa chifukwa mboni sizinkabwera, kuti mabwalo anatsekedwa nthawi ya mliri wa Covid-19, ndi kuti pa milandu yambiri yowomberana apolisi sankagwira aliyense, choncho panalibe womuimba mlandu. Mu December 2021 a Krasner anadzipalira makala pamene ananena kuti mumzindamo mulibe vuto lalikulu la kusamvera malamulo. A Michael Nutter, amene kale anali meya, anawadzudzula kwambiri, ndipo patapita masiku ochepa a Krasner anavomereza kuti sanalankhule bwino. Munthu amene waika mwana wake m'manda safuna kuuzidwa kuti milandu ina ya umbava yatsika.

Funso lenileni nlakuti kodi woimira boma ndiye anachititsa imfa zimenezi. Mu 2020 kuphana kunakwera m'dziko lonse la America ndi pafupifupi 30 mwa 100, kukwera kwakukulu pa chaka chimodzi kuposa kwina kulikonse m'mabuku a boma. Kunakwera m'mizinda ya oimira boma ofewa ndi ya aukali omwe, m'matauni ndi m'midzi. Ichi sichichotsa udindo pa ofesi ya ku Philadelphia pa mlandu uliwonse umene inauyendetsa mosasamala, ndipo pochotsa maloya odziwa ntchito ambiri nthawi imodzi inasiya milandu ikuluikulu m'manja mwa achinyamata ongochoka kumene kusukulu. Koma chikutionetsa vuto la chisankho chotere. Wovota amayeza munthuyu ndi chiwerengero cha maliro, chimene chimadalira mfuti, umphawi, ntchito ya apolisi ndi zina zambiri, pamene zimene zilidi m'manja mwake zimachitika m'zipinda zimene wovotayo salowamo.

Mu May 2021, maliro ali pakati, a Krasner anapikisana pa chipulula ndi a Carlos Vega, mmodzi wa maloya amene iwo anawachotsa mu 2018, amene bungwe la apolisi linawaima kumbuyo. Ambiri ankayembekeza kuti madera okhudzidwa kwambiri ndi mfuti atembenuka. Sizinatero. A Krasner anapambana ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo mavoti awo ochuluka anachokera m'madera a anthu akuda momwe kuwomberana kunali kofala, pamene a Vega anachita bwino m'madera ena a azungu, makamaka kumpoto chakum'mawa kumene apolisi ambiri amakhala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'madera amenewo nyumba imodzi yomweyo imatha kukhala ndi mwana wowomberedwa ndi wina womangidwa, ndipo mayi wa nyumbayo amafuna zinthu ziwiri pamodzi: kuti wopha agwidwe, ndi kuti wogwidwa asakhale wolakwika.

Kwina zinthu zinayenda mosiyana. Ku San Francisco a Chesa Boudin, amene anasankhidwa mu 2019 ndi malonjezo ofanana, anachotsedwa ndi ovota mu June 2022 nthawi yawo isanathe. Ku Los Angeles a George Gascón anagonja mu 2024. Ku Pennsylvania nako aphungu a chigawo, ambiri a iwo oimira madera akutali ndi Philadelphia, anavota 107 kwa 85 mu November 2022 kuti a Krasner azengedwe mlandu wowachotsa pa udindo. Mlanduwo sunazengedwe, ndipo mu September 2024 bwalo lalikulu la chigawocho linagamula kuti unafa pamene nthawi ya nyumba ya malamulo imene inauyambitsa inatha.

Pamene andale ankakangana chotero, imfa zinayamba kutsika. Mu 2023 ophedwa anali 410, ndipo mu 2024 anali 269, ochepa kuposa chaka chimene a Krasner anasankhidwa koyamba. Mkulu wa ofesi anali yemweyo, ndipo mfundo zake zikuluzikulu sizinasinthe. Amene anawanyamulitsa mlandu wa 562 sanabwere kudzawayamika pa 269, ndipo owachemerera amene mu 2021 ankati woimira boma alibe mphamvu pa ziwerengerozi anayamba kuzitchula monyadira pa misonkhano. Kutsikaku kunachitikanso m'mizinda ina yambiri ya ku America. Mu 2025 a Patrick Dugan, amene kale anali woweruza, anayesa mwayi kawiri, pa chipulula cha Democratic mu May ndiponso mu November ataimira chipani cha Republican, ndipo maulendo onse awiri anagonja. A Krasner anapatsidwa zaka zina 4, kachitatu.