Tisaiwale Bambo wa Panjanji

Chaka cha 1980 chinali chachimwemwe kwa anthu a ku Mchinji, pakuti m'chaka chimenecho njanji yochokera ku Salima kudzera ku Lilongwe inafika m'boma lao. Ntchitoyi inagwirika ndi chithandizo cha dziko la Canada, ndipo chigawo cha Salima mpaka Lilongwe chinali chitatsegulidwa kale mu 1979. Mabuku a mbiri amasunga zaka zimenezi pamodzi ndi maina a atsogoleri. Koma munthu amene anasenza piki ndi fosholo, nayenda pansi zaka zambiri akusamala njanjiyo, satchulidwa kawirikawiri. Ambiri a mbadwo umenewo anatisiya, ndipo otsalawo imvi zili mbuu. Nchifukwa chake mwezi uno tati tikumbukire bambo wa panjanji, moyo wake wa kuntchito, wa pakhomo ndi wa pamudzi.

Kumene ntchitoyi inachokera

Njanji inayambira kummwera kwa dziko lathu. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku chigwa cha Shire, ndipo likulu la ntchitoyi linakhazikika ku Limbe. Mu 1935 mlatho waukulu wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatha, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Mu 1970 inatsegulidwa njira ina yochokera pa Nkaya kudzera pa Nayuchi kunka ku doko la Nacala. Kotero pamene sitima inalira koyamba ku Mchinji, ntchito ya panjanji inali ndi mwambo wake wa zaka zoposa 70. Inalinso ndi mbiri ya kulimba mtima, pakuti mu 1960 antchito a Nyasaland Railways ananyanyala ntchito pofuna malipiro oyenera thukuta lao.

Ntchito imene maso saiona

Wokwera sitima amayamika woyendetsa, koma moyo wa onse awiri uli m'manja mwa munthu wina amene samuona. Ameneyu ndiye wosamala njanji. Iye amalawira mbandakucha ndi anzake ndi kapitao wao, nayendera chigawo chimene anapatsidwa. Zitsulo ziwiri za njanji yathu zimatalikirana mamilimita 1,067, ndipo muyeso umenewu ukasokonezeka, mabogi akhoza kugwa. Choncho amamanga mabauti amene akhwefuka, amasindira miyala pansi pa njanji, amalambula udzu ndi kutsegula ngalande kuti madzi apite.

Nyengo iliyonse ili ndi vuto lake. M'mwezi wa October dzuwa likang'amba, chitsulo chimafutukuka, ndipo njanji ikhoza kupindika. M'dzinja madzi amakokolola dothi, nkusiya njanji ili lende. Pamenepo wosamala njanji sadikira kuti mvula ikate. Amatenga mbendera yofiira nathamangira kutsogolo kuti aimitse sitima isanafike pangozi. Akagwira ntchito yake bwino, palibe chimene chimachitika, ndipo palibe amene amamuthokoza. Akachita ulesi tsiku limodzi lokha, midzi yambiri ikhoza kukhala pa maliro. Inu achinyamata, kodi mungakhulupirike pa ntchito yotere, imene mphotho yake ndi yakuti anthu osakudziwani afika kwao ali moyo?

Pakhomo pake

Ntchito ya panjanji inali ndi mayesero ake. Munthu amatha kusamutsidwa kuchoka ku Balaka kupita ku Salima, kuchoka ku Salima kupita ku Mchinji, kutali ndi abale. Malipiro anali ochepa, koma amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo pakati pa alimi odikira kugulitsa mtedza ndi fodya kamodzi pachaka, munthu wa malipiro amaoneka ngati wolemera. Alipo amene anagwa pamenepa. Ndalama zinathera m'mabotolo, ndipo pa siteshoni iliyonse anasiyapo mwana wosadziwa nkhope ya atate wake. Sitiyenera kubisa zimenezi.

Koma bambo amene tikumukumbukira lero anasankha njira ina. Tsiku la malipiro amayamba wafika kunyumba, nakhala pansi ndi mai a ana ake kuwerengera za chimanga, sopo, mchere ndi sukulu. Kumbukirani kuti sukulu ya pulaimale inali yolipira kufikira 1994. Mwana aliyense amene anaphunzira m'nyumba yotere anaphunzira chifukwa atate wake anadzimana malaya atsopano ndi nyama ya pa Sabata. Kangachepe kotsala kamapita kumudzi kwa makolo okalamba. Ndipo poweruka samanyoza khasu: kuseri kwa nyumba kunali kadimba ka ndiwo zamasamba, ndipo ana amaona ndi maso ao kuti ntchito ya manja sichititsa manyazi.

Anawo anatengera kwa iye mwambo wosunga nthawi, pakuti sitima siidikira munthu. Anatengeranso mwambo wokonza chinthu chikadali chaching'ono. Munthu amene wazolowera kumanga bauti lisanagwe salekerera mkangano wa m'banja kuti ugone, ndipo mwana akayamba kupotoka amamuongola msanga. Paja akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Pakati pa anzake

Mchinji ndi boma la m'malire, logundana ndi Zambia ndi Mozambique, kumene Achewa ndi Angoni amakhala pamodzi, ndipo abale ao ena ali kutsidya kwa malire cha ku Chipata. Wa panjanji wochokera kummwera amafika kumeneko ngati mlendo. Wanzeru samadzipatula. Amakaonekera kwa a mfumu, amagona pa siwa maliro akagwa, amagwira nao khasu kumanda, amaumba nao njerwa za sukulu ndi za nyumba ya mapemphero. Ngati amadziwa kulemba, amalembera makalata agogo amene ana ao anali ku migodi. Mwana wa mnzake akasowa kope, amakumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Umu ndi mmene mlendo anasandukira mwini mudzi.

Masiku a mdima

Chimwemwe cha 1980 sichinakhalitse. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira mu 1983 ndi ya ku Nacala mu 1984, ndipo katundu wambiri anayamba kuyenda pa magalimoto. Njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata, imene inayambidwa mu 1982, inaima zaka zambiri osatha. Pamene Malawi Railways inakonzedwanso cha mu 1994, antchito ambiri anachotsedwa, ndipo mu 1999 ntchito yoyendetsa sitima inaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways. Njanji ya ku Chipata inadzatsegulidwa mu August 2010 pamaso pa atsogoleri Bingu wa Mutharika, Rupiah Banda ndi Armando Guebuza, pamene ambiri amene anailakalaka anali atapuma kale.

Apa mpamene panaonekera chimene munthu anafesa. Amene anamwaza ndalama anabwerera kumudzi chimanjamanja, napeza ana osamudziwa. Amene anasamala banja lake anapeza mwana mphunzitsi kapena namwino womugulira mankhwala, ndi anansi omupatsa malo olima. Ntchito inatha, koma ulemu sunathe.

Mau kwa ife otsala

Inu makolo amene ntchito imakutengerani kutali, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, dzifunseni ngati ana anu amadziwa mau anu kapena ndalama zanu zokha. Inu achinyamata, musalole kuti chitsulo cha njanji chizulidwe ndi kugulitsidwa, pakuti ndi thukuta la agogo anu, ndipo pamene chachokapo pakhoza kufera anthu. Ndipo ngati m'mudzi mwanu mukadali nkhalamba imene inagwira ntchito panjanji, pitani mukakhale nayo pakhonde. Ifunseni za mvula imene inakokolola njanji, za usiku umene inaimitsa sitima, za mmene inaphunzitsira ana ndi malipiro ochepa. Lembani zimene ikuuzeni, muziwerengere adzukulu ake. Chitani zimenezi chaka chino, mwini nkhani akadali ndi mpweya.