Bzalani anyezi pogwiritsa ntchito timaanyezi tating'ono

Amayi, ndiwo zopanda anyezi sizikoma, koma mukudziwa momwe mtengo wake umakwerera mvula ikamagwa. Ambiri timauopa ulimi wa anyezi chifukwa cha nazale: njere zake zimamera mochedwa, mbande n'zofooka, ndipo kuchokera pofesa kufika pokolola pamatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Pali njira yachidule. M'malo mwa mbande, mumabzala timaanyezi touma tating'ono, ndipo mumakolola pakatha miyezi itatu kapena inayi. Kaanyezi kotere kali kale ndi chakudya m'kati mwake, n'chifukwa chake kamaphuka msanga ndipo sikafa wamba ngati mbande.

Timaanyeziti mungathe kudzikonzera nokha. Mu Ogasiti kapena Seputembala fesani njere mothithikana pabedi losathira manyowa ambiri, ndipo musapatulire. Chifukwa cha kutentha ndi kupanikizana, anyeziyo amakhwima akadali wamng'ono. Pakatha masabata 10 mpaka 12 zulani, umitsani pamthunzi, ndipo sungani m'thumba la maukonde lopachikidwa pamalo opita mphepo. Apa ndiye pagona ntchito, poti mbewuyi iyenera kudutsa dzinja lonse osawola. Muziyang'ana sabata iliyonse n'kuchotsa tofewa kapena tophuka. Red Creole, anyezi wofiira uja, amasungika bwino kuposa Texas Grano amene ali ndi madzi ambiri. Wina akakubweretserani timaanyezi ta ku Ulaya, musataye nato nthawi: mitundu ya kumeneko imafuna usana wautali kuti ibereke, ndipo kuno imangochita masamba.

Posankha mbewu musakopeke ndi zikuluzikulu. Kabwino ndi kofanana ndi nsonga ya chala chachikulu, masentimita 1.5 mpaka 2 m'mimba mwake. Totuluka pamenepa timakonda kuchita maluwa kapena kugawikana pawiri, ndipo anyezi wochita maluwa amakhala ndi phesi lolimba pakati, sasungika. Tikuluti ikani mumphika.

Bzalani mu Malichi kapena Epulo, mvula ikamatha. Sankhani malo owomba dzuwa tsiku lonse, osadikha madzi, komanso pomwe simunabzale anyezi kapena adyo zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Gaulani bedi, phwanyani zibuma, sakanizani kompositi kapena manyowa owolerana bwino. Manyowa aawisi ayi, amawoletsa. Mizere italikirane masentimita 20 mpaka 30, ndipo mumzere siyani masentimita 10, pafupifupi kutambalala kwa chikhatho chanu. Kaanyezi kakhale mbali ya mizu pansi, nsonga m'mwamba, kansongako kakungosuzumira pamwamba pa dothi. Nkhuku zimakonda kufukula, choncho mpanda ukhalepo.

Mizu ya anyezi siipita pansi kwambiri. Izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Thirirani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo udzu zulani ndi manja, chifukwa khasu limadula mizu. Masamba ake owongoka aja satchinga dzuwa, motero udzu umamera mwaufulu ndipo ukalekereredwa umamulanda chakudya. Chinthu china chomwe ambiri amalakwitsa ndi kukwezera dothi ngati mbatata. Anyezi amakula atakhala pamwamba, mutu wake ukuoneka; musamukwirire. Ngati muthira feteleza wokulitsa, thirani m'masabata oyambirira. Mitu ikayamba kufufuma lekani, apo ayi khosi limanenepa ndipo anyezi wakhosi lalikulu amawola msanga. Mukaona timadontho totuwa ngati siliva pamasamba, ndi tizilombo totchedwa thrips timene timachuluka kukauma; funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu musanagule mankhwala, popeza masamba omwewo timadyanso.

Masamba akayamba kuchita chikasu ndi kugwa okha, siyani kuthirira. Musawapinde ndi manja pofuna kufulumizitsa. Theka la munda likagwa, dikirani sabata imodzi, zulani, ndipo yanikani pamthunzi wopita mphepo masabata awiri mpaka khosi litauma gwa. Kenaka mangani m'mitolo n'kupachika. Amene ali ndi khosi lonenepa kapena bala yambani kudya ameneyo.

Mukabzala mu Malichi mudzakolola cha mu Juni kapena Julayi, anyezi wa kunazale asanadzaze m'misika. Bedi limodzi la nazale limatulutsa timaanyezi tokwanira mabanja angapo, choncho nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa bungwe kapena kumphakati mwezi wa Ogasiti usanafike, kuti mudziwe amene adzafese ndi amene ali ndi malo ouma osungira mbewu.