Dzina la Nyama ya Kumayiko a Chisanu

Ife amene ntchito yathu ndi kulondola mawu kufikira kumene anachokera, ndi kuwaika m'mabuku otanthauzira mawu, anthu amatiyesa alauli, ngati kuti timangoyang'ana liwu pankhope n'kudziwa makolo ake. Koma nkhope ya liwu imanyenga koposa, ndipo mboni yanga ndi dzina lija ana amalimva pa nyengo ya Khirisimasi, lakuti reindeer.

Wophunzira Chingerezi akaona pachithunzi nyamazo zitamangidwa, zikukoka ngolo ya Santa Claus, amafulumira kunena kuti dzinali linachokera ku rein, zingwe zowongolera kavalo. Iyayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikafunsa zolembedwa zakale, tipeza kuti Angerezi anabwereka liwuli kwa makolo a anthu a ku Norway ndi Iceland, amene nyamayo ankaitcha hreinn, naphatikizapo dýr, ndiko kunena nyama iliyonse. Pakuti ngakhale deer, asanapanikizidwe tanthauzo, ankatchula chilombo chilichonse cha m'thengo. Ku Canada nyama yomweyi ikakhala yakutchire amati caribou, dzina lochokera kwa a Mi'kmaq, lonena za khalidwe lake lofukula chipale chofewa ndi ziboda pofuna ndere zimene imadya.

Ngolo ija ndi nkhani ya dzulodzulo. Ndakatulo ina yosindikizidwa mu 1823 ku Troy, m'chigawo cha New York, ndiyo inatchukitsa nyama zisanu ndi zitatu zokoka mphatso, ndipo mnzawo Rudolph wa mphuno yofiira anampeka Robert L. May mu 1939, polembera sitolo ya Montgomery Ward. Koma kwa a Sámi a kumpoto kwa Norway, Sweden ndi Finland, amene akhala akuiweta mibadwomibadwo, nyamayi ndi ndiwo, chovala ndi chuma, monga ilili ng'ombe kwa Mngoni.

Tsono polemba m'Chichewa, ambiri amati mphalapala, ndipo ine sindivomereza. Mphalapala, ngoma ndi gwape ndi abale a mbuzi, nyanga zawo zikamera zamera mpaka imfa. Pamene reindeer nyanga zake n'za nthambinthambi, zimathothoka chaka ndi chaka n'kuphukanso, ndipo mwa nyama zonse za mtundu wa deer ndi iyo yokha imene yaikazi nayonso imamera nyanga. Zamphongo zikuluzikulu zimataya zawo chisanu chikamayamba, zazikazi n'kusunga zawo kufikira nyengo yoswa, kotero kuti za nyanga zija zojambulidwa pa makadi a mu December mwina ndi zazikazi, ngakhale ojambula sanafunseko.

Omasulira Buku Lopatulika anaika nswala mu Salimo 42 m'malo mwa nyama ya mtundu wa deer, ndipo anachita bwino, popeza chofunika pamenepo ndi ludzu la nyamayo, osati mtundu wake. Koma m'buku lotanthauzira mawu, mmene mwana wa sukulu afuna kudziwa chinthu chenicheni, ine ndimasiya dzina la reindeer monga lilili, ndi kulongosola pambali pake maonekedwe ake, kwawo kwake ndi za nyangazo.