Ndinabwerera kusukulu yanga nditanyamula chipewa cha injiniya

Mu 2014, nditasankhidwa kukayamba Fomu 1 pa CDSS ya kwathu m'boma la Dedza, ndinali kamtsikana kodziwika ndi dzina la mu rejisitala basi. Malo anga anali kumbuyo, pakona. Funso likabwera, maso anga ankathamangira pansi ngati ndataya singano. Chingerezi ndinkachimva ndithu, koma pakamwa chinkakana kutuluka. Masamu ndiye ndinali nditawasiyiratu anyamata, poti ndi mmene aliyense ankanenera, kuti amenewo ndi awo.

Lero ndine injiniya wa zomangamanga! Ndimavala mabuti ndi chipewa cholimba, ndimaima pa saiti n'kuuza abambo a ndevu zawo kuti konkireyu wachuluka madzi, ayambirenso, ndipo amandimvera. Mwezi watha ndinakwera basi ku Blantyre kuti anthu awiri amene anandisandutsa chonchi adzandione ndi maso awo.

Oyamba ndi aphunzitsi a masamu. Tili Fomu 2, m'mawa wina anatitulutsa panja n'kutilozera mtengo wa bulugamu. "Ndiuzeni kutalika kwake, koma wina asakwere." Anyamata anayamba kuponya manambala a m'mutu. Iwo anangozika pansi ndodo ya mita imodzi, tinayeza mthunzi wake ndi chingwe, kenako tinatenga chingwe chomwecho n'kumachiyala pa mthunzi wa mtengo, kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Chinalowamo maulendo 14. Ine ndinazindikira nthawi yomweyo kuti dzuwa lomwe likumenya ndodo ndi lomwenso likumenya mtengo, ndiye yankho ndi mamita 14. Ndinalinena chamumtima, koma milomo inagwedera, ndipo iwo anaiona. "Iwe wa kumbuyo, nena mokweza!" Ndinanena. Anawomba m'manja okha, kwa nthawi yaitali, mpaka kalasi yonse inawathandiza. Kuchokera pamenepo Loweruka lililonse ndinkapezeka m'gulu lomwe ankaliphunzitsa mwaulere, osalandira ngakhale tambala.

Achiwiri ndi madamu a Chingerezi. Amenewa sankanyengerera. Ankatikumbutsa mosatopa kuti ku yunivesite ya boma amafuna makirediti 6 pa MSCE, ndipo Chingerezi chikasowa pamenepo, olo masamu ukhoze bwanji, khomo silitseguka. Anandilembera okha dzina mu kalabu ya mtsutso, n'kumandipatsa zolengeza kuti ndiziwerenga pa asembule miyendo ikunjenjemera. Mabuku awo a kunyumba ndinkabwereka limodzilimodzi.

Ndinalemba MSCE mu 2018, ndipo dzina langa linatuluka pa mndandanda wa opita ku Polytechnic. Corona anatibweza kumudzi mu Marichi 2020, ndinakalima nawo mbatata, tinabwerera. Mu 2021 koleji yathu inaima payokha n'kukhala MUBAS, moti ndinalowa pa Poly koma maphunziro ndinamalizira pa MUBAS.

Nditafika pasukulupo inali nthawi ya buleki. Ndinagogoda pa sitafu rumu. "Odi!" Madamu anadzutsa mutu pa makope omwe ankachonga, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kenako cholembera chinagwa. Nthungululu imene anaimba inatulutsa ana m'makalasi onse. "Mwana wanga! Ndiwe amene? Tatembenuka ndikuone bwino!" Anandizunguza, akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Aphunzitsi a masamu analowa choko chili m'manja, imvi zitawayamba m'mbali mwa mutu. Ndinagwada kuti ndiwapatse moni, koma anandidzutsa msanga. "Ayi, ayi, a injiniya, dzukani, khalani pampando." Anandipatsa mpando wawo weniweni, uja tinkaopa ngakhale kuukhudza.

Madamu ndinawatengera chitenje ndi shuga. Aphunzitsi a masamu ndinawagulira tepi yoyezera ya mamita 50 ndi kampasi yaikulu ya pabolodi, chifukwa zaka zonse zija ankajambula zozungulira ndi chingwe chomangirira ku choko. Anaitsegula tepiyo pomwepo, n'kuyeza tebulo, chitseko, ngakhale kutalika kwa ahedi!

Ahedi anatuma mwana kukamenya limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo, belu lathu lakale lomwe lija, ndipo sukulu yonse inasonkhana. Ndinayankhula m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, mawu akumveka mpaka mzere womaliza. Ndinawafotokozera mmene mlatho umanyamulira thiraki yodzaza fetereza, ndi chifukwa chake timaika zitsulo m'kati mwa konkire: konkire amapirira kupsinjidwa koma sachedwa kung'aluka akakokedwa, ndiye chitsulo chimagwira pamene iye walephera. Chipewa changa chinayenda mutu ndi mutu. Atsikana ankachilanda kwa anyamata, ndipo zimenezi zinandikoma kuposa chilichonse. Mafunso awo sanali amanyazi: malipiro ndi angati, ngongole ya fizi amafunsira kuti, fizikisi ndi yovuta bwanji. Ndinayankha onse.

Ndisanatsanzike, ahedi anandikokera kuseri kwa kalasi ya Fomu 3 kumene madzi a mvula akumba chigwembe mpaka maziko ayamba kuoneka. Tinayeza ndi tepi yatsopano ija, aphunzitsi a masamu atagwira kumapeto, ine ndikutchula manambala, madamu akulemba. Pafunika ngalande ya miyala mvula isanagwe. Komiti ya makolo yalonjeza mchenga ndi miyala, ndipo pulani ndajambula kale. Loweruka likubwerali ndikukhoma zikhomo pamodzi ndi atsikana a Fomu 2.